Mulu wa Namfuko

Padangokhala, m'masiku amene nyama zinayamba kulembana ntchito ngati anthu, kunali kampani ina yokumba mauna. Nyama zosadziwa kukumba zinkapita kumeneko kukapempha nyumba, kampaniyo n'kutumiza antchito ake. Okumba analipo atatu. Panali Nungu, mkulu wa onse, wosabisa mawu. Panali Ngaka, wamanyazi, amene ankadzipinda ngati nkhata wina akangomukwezera mawu. Ndiye panali mfuko wamkazi amene onse ankamutchula Namfuko. Kapitawo wawo anali Msulu. Iyeyu sankakumba. Atatuwo ankakankhira dothi pakhomo pa una, iye n'kumalituta ndi dengu kukalithira pamulu umodzi.

Msulu anali wochenjera, ndipo ankadziwa yekha kuti ndi wochenjera. Koma analinso ndi mantha, mantha a bambo amene kunyumba kwake kuli ana asanu ndipo ntchito ndi imodzi yomweyo.

Namfuko naye anali ndi ana anayi oyamwa. Mwamuna wake, amene anali bwenzi la Msulu kuyambira ali ana, anagwidwa ndi galu anawo asanabadwe. Chifukwa cha ubwenzi umenewo awiriwa ankaitanana kuti alamu. Namfuko ankakhala m'una wa kampani, pafupi ndi pogwirira ntchito, ndipo lamulo linali lakuti wochotsedwa ntchito azituluka m'unamo tsiku lomwelo. Kawiri pa tsiku ankasiya kukumba n'kuthamangira kwawo kukayamwitsa. Palibe amene ankadandaula. Mulu unali umodzi, ndipo dothi silinena mwini wake.

Pansi pa nthaka munthu saona mnzake. Aliyense amakhala mumpata wakewake, denga lili pamsana. N'chifukwa chake okumba anali ndi nyimbo imene anaipeza kwa makolo awo, yoimba katatu pa tsiku. Inali yaifupi, ndiponso yosakoma kwenikweni. Inkangofunsa ngati denga likadali pamwamba pa mnzako, ndi ngati mphuno yake ikupumabe. Nungu ndiye ankaiyambitsa, n'kumatchula dzina limodzilimodzi. Wotchulidwayo ankailandira ali mumpata mwake, uku akutsendera denga ndi msana kuti lilimbe. Dzina likapanda kuyankhidwa, onse ankataya zimene akuchita n'kuyamba kukumbira kumene kwakhala zii.

Tsono bwana wakale, Fulu, anapuma ntchito, ndipo eni kampani anatumiza Kabawi. Kabawi anali wophunzira, wakhama, ndipo sanali wankhanza mumtima. Koma anali asanalowepo m'una chibadwire. Tsiku Lolemba anaitanitsa msonkhano ali panthambi, pakuti fumbi limaononga nthenga.

"Mulu uwu ngwa yani?" anafunsa.

"Ngwa tonse, bwana," anayankha Msulu.

"Chinthu cha tonse chilibe mwini. Waulesi ndimudziwa bwanji?"

"Pano palibe waulesi," anatero Nungu.

"Aulesi onse amatero, madala. Kuyambira lero aliyense akhale ndi mulu wake pakhomo pa una wake. Loweruka ndidzauluka pamwamba. Mwini mulu wochepa kwambiri adzapita."

Ngaka anali atadzipinda kale.

Msonkhano utatha Namfuko anapita kwa Msulu. "Alamu, ndiyambiretu kumanga katundu?"

"Katundu wake uti, alamu? Inu muli ndi chiyani kupatula ana ndi mano?"

"Musaseke. Nungu amakumba tsiku lonse, Ngaka tsiku lonse. Ine ndimachoka kawiri. Wochepa ndi wanga, ngakhale wakhungu angaone."

"Dengu lili ndi yani?"

"Lili ndi inu."

"Ndiye inu kumbani. Zinazo mundisiyire."

Nungu anamva zimenezi ndipo anagwedeza minga yake. "Iwe Msulu, bwanji osangomuuza kuti mayiyu akuyamwitsa?"

"A Nungu, munaonapo kabawi akuuzidwa kumene kuli ana?"

"Uyu ndi bwana. Sadya antchito."

"Sadya, inde. Amangochotsa."

Sabata yonseyo Msulu ankatapa kwa Nungu ndi kwa Ngaka n'kumaonjezera kwa Namfuko, mpaka milu yonse itatu inafanana. Kenaka anachita chinanso. Anadziwa kuti wouluka amaona kutambalala kwa chinthu, saona kutalika kwake. Choncho anaifafaniza miluyo kuti ikhale yaifupi koma yotambalala ngati mphasa.

Loweruka Kabawi anazungulira kamodzi, kawiri, katatu, kenaka anatera panthambi.

"Kapitawo, wochepa ndi uti?"

"Maso akuthwa ndi anu, bwana. Ine ndikayang'ana ndili pansi, dothi ndi dothi basi."

Kabawi sanafune kunena kuti maso ake alephera. "Yonse ndi yofanana, ndiponso ndi yaikulu. Zatheka bwanji?"

"Mpikisano, bwana. Aliyense akuopa kutsala."

Kabawi anakondwa. Analemba lipoti kwa eni kampani kuti njira yake yayamba kubala zipatso. Madzulo amenewo nyimbo inaimbidwa ndi phwete. Ngaka analandira mochedwa chifukwa choseka, Namfuko analandira mokweza kuposa onse, ndipo Msulu anapita kwawo mchira uli m'mwamba.

Lolemba lotsatira kunali msonkhano wina.

"Ngati mpikisano wokha wachita zotere," anatero Kabawi, "ndiye kuti tikhoza kupitirira pamenepa. Ndikakhala kumwamba ndimaona kanthu kakuthamanga m'udzu kawiri pa tsiku, kuchoka kuntchito n'kubwereranso. Sindikufunsa kuti ndi ndani. Kuyambira lero wolowa m'una dzuwa likutuluka azituluka dzuwa likulowa. Wooneka pamtunda pakati pa tsiku, kupatula Kapitawo, wadzichotsa yekha."

Atabwerera kuntchito Namfuko anakhala pakhomo pa una, mkaka ukudontha.

"Alamu, ana anga sangafike madzulo. Kamng'ono kaja kamalira ndisanafike n'komwe."

Msulu anayenda uku ndi uku, kenaka anaima. "Bwana waletsa kuoneka pamtunda. Kodi waletsa kuyenda pansi?"

"Sanatchule."

"Kuchokera m'una mukukumbamo kukafika kwanu ndi patali bwanji?"

"Mikono makumi awiri, kapena kuposa pang'ono."

"Boolani njira yanuyanu. Muziyamwitsa kasanu mukafuna. Wakumwamba aziona udzu wokha."

Nungu anatulutsa mutu m'una mwake. "Pakati pamenepo ndi pamchenga. Njira ya pamchenga imafuna mwezi. Umakumba pang'ono, n'kutsendera, n'kudikira."

"Mwezi tiutenga kuti, a Nungu? Ana akudikira masana ano."

"Ine ndanena."

"Mwanena, tamva. Mukadzabereka mudzatiuza ngati mwana amadikira mwezi."

Namfuko anaboola njirayo tsiku limodzi. Mchenga suvuta kukumba, ndipo unatuluka wochuluka, mwakuti sabata imeneyo mulu wake unaposadi ina yonse. Msulu anangofananitsa wa Nungu ndi wa Ngaka, kuti pasapezeke umodzi wotchedwa wochepa kwambiri.

Loweruka Kabawi anazungulira, natera akusangalala.

"Mwaona? Titangotseka zoyendayenda, wamng'ono pa nonse ndiye wapambana. Dzina la Namfuko lilembedwe pabolodi. Ndauza kale eni kampani za iye. Tsono mulu umenewu usabwerere m'mbuyo, Kapitawo. Wopambana akayamba kutsika ndiye kuti wayamba matama, ndipo wamatama sindisunga."

"Sutsika, bwana," anatero Msulu, ngakhale ankadziwa kuti njira ija yatha ndipo mchenga wowonjezera sudzatulukanso.

Kuyambira pamenepo Namfuko sanaonekenso pamtunda. M'mawa ankachokera kwawo kudzera pansi, madzulo n'kubwerera momwemo. Anzake ankangomudziwira kumawu, nyimbo ikafika pa dzina lake. Tsiku lina Msulu akudutsa ndi dengu anamupeza atasuzumira pakhomo.

"Alamu, mwanenepa. Ulemerero wa pabolodi umenewu?"

"Ana ndi amene anenepa. Kamng'ono kaja kayamba kuluma. Dzulo kanandigwira chala osafuna kusiya."

"Katengera bambo ake. Nayenso akagwira chinthu sankasiya."

Namfuko anaseka, kenaka anatsitsa mawu. "Koma njira ija, alamu. Ndikamadutsa mchenga umandithothokera pamsana."

"Wambiri?"

"Pang'ono. Koma tsiku lililonse."

"Loweruka tikaweruka tidzalowa tonse, tidzatsendere bwinobwino."

Loweruka limenelo Kabawi anawasunga pamsonkhano mpaka dzuwa linalowa, ndipo aliyense anathamangira kwawo. Msulu anati mumtima adzachita Loweruka linalo.

Lolemba lotsatira Kabawi anaitana Msulu yekha kunthambi.

"Kapitawo, pali phokoso limene limatuluka pansi katatu pa tsiku. Likayamba, dothi limasiya kutuluka m'mauna onse. N'chiyani?"

"Ndi nyimbo, bwana."

"Ndamva kuti ndi nyimbo. Ndikufunsa ngati ili ndi ntchito. Ine za pansi sindizidziwa. Ngati ili ndi ntchito, undiuze."

Linali funso loona, ndipo Msulu anadziwa kuti ndi loona. Yankho linafika mpaka pamlomo. Koma anaganiza: ndikanena kuti timaimba poopa denga, afunsa kuti denga lofooka lili kuti. Atumiza wina kukayendera. Apeza njira ya alamu. Adziwa za milu. Namfuko apita ndi ana ake anayi, ine ndipita ndi anga asanu. Aliyense amene anaimapo pamaso pa bwana akuganiza za ana akudziwa mmene lilime limapepukira nthawi yoteroyo.

"Ndi nyimbo chabe, bwana. Zachikale."

"Ndimaganiza choncho. Ithe lero. Ndipo iwe, poti umamvetsa zinthu, uzibwera kuno tsiku lililonse tizikonza limodzi malipoti. Okumba azikankha okha dothi lawo. Ukhala wachiwiri wanga."

Msulu anatsika n'kukauza anzake pakhomo pa una uliwonse. Ngaka anangoti, "Chabwino," n'kudzipinda. Nungu anamuyang'anitsitsa.

"Unamuuza ntchito ya nyimboyo?"

"Sakanamva."

"Sindinafunse zimenezo. Unamuuza?"

"A Nungu, musavutike. Ndaganiza kale. Bwana waletsa kuimba, sanaletse Kapitawo kuyendera antchito. Katatu pa tsiku ndizidutsa pakhomo pa aliyense, n'kuitana chapansipansi. Mukayankha, ndadziwa."

"Ndiye iweyo wasanduka nyimbo?"

"Nyimbo ya miyendo inayi. Ndiponso yokoma kuposa yanu ija."

Nungu sanaseke. Anabwerera mkati chafutambuyo.

Lolemba limenelo Msulu anadutsa katatu, ndipo onse anayankha. Lachiwiri anadutsa kawiri. Lachitatu anadutsa kamodzi, Namfuko n'kuyankha ali kutali mkati kuti, "Ndilipo, alamu, pitani." Lachinayi Kabawi anayambitsa zokambirana za mmene angachepetsere kutaya nthawi pantchito, ndipo zinatenga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Atamasulidwa, Msulu anathamanga ndi dengu. Pakhomo pa Namfuko panali dothi lochepa kwambiri, losadzaza ndi dzanja lomwe. Anati mumtima: mwina mwana wina sakupeza bwino, watsalira kunyumba. Anatapa madengu atatu kwa Nungu, awiri kwa Ngaka, nathira pamulu wa wopambana. Anawerama pakhomo.

"Alamu."

Asanamve kanthu, mawu anachokera kunthambi. "Kapitawo, tsamba lomaliza lija lili kuti?"

"Ndikubwera, bwana."

Lachisanu pakhomo pa Namfuko panalibe dothi latsopano ngakhale pang'ono. La dzulo lija linali litauma. Kangaude anali atayala ulusi kuchokera mbali ina ya khomo kufika mbali inzake. Msulu anauona ulusiwo. Anayang'ana kumwamba. Kabawi anali kuzungulira pamwamba pake penipeni, akuyeza mulu wa mawa. Kulowa m'unamo tsopano, kapena kuitana Nungu kuti atuluke, kukanakhala kuulula zonse. Anadziuza kuti alamu sadzera pakhomo pano, amadzera njira yawo, tsono kangaude angalekerenji kuyala. Anadziuza kuti akaweruka adzapita kwawo kukaona. Anadula ulusiwo ndi phazi kuti asauonenso, nathira madengu asanu ndi limodzi.

Poweruka Kabawi anamupatsa ntchito yokonza satifiketi ya wopambana, yoti ikhale itatha m'mawa. Msulu sanapite.

Loweruka onse anaitanidwa pamtunda. Nungu anatuluka, Ngaka anatuluka. Kabawi anali panthambi yotsika, satifiketi ili kuphazi.

"Sabata ino, popanda nyimbo, mulu wa Namfuko wakula kuposa kale lonse. Namfuko, tulukani mulandire ulemu wanu."

Kunali zii.

"Namfuko."

Lilime la Msulu linathamanga lokha, mwini wake asanalilole. "Sangatuluke, bwana. Akuti nthawi yolandira satifiketi ndi madengu awiri otayika."

Kabawi anakupiza mapiko. "Mwamva, inu awiri? Wantchito ndi ameneyo."

Nungu sanali kumvetsera. Anali atapita pamulu uja, akununkhiza. Anapalasa pamwamba, anapalasa m'mbali.

"Lofiira ili ndi langa. Lamiyala ili ndi la Ngaka. Lakuda, la mumpata wa Namfuko, lili kuti?" Anatembenukira kwa Msulu. "Mawu ake unawamva liti?"

Msulu anawerenga masiku chobwerera m'mbuyo. "Lachitatu."

Nungu analowetsa mphuno pakhomo pa una wa Namfuko n'kuyambitsa nyimbo.

"Madala, nyimbo imeneyo inaletsedwa," anatero Kabawi.

"Mundichotse ndikamaliza."

Anafunsa za denga, anafunsa za mphuno, monga mwa masiku onse. Anatchula Ngaka, ndipo Ngaka, ali pambali pake pomwepo, analandira ndi kamawu konjenjemera. Anatchula Namfuko. Mawuwo analowa m'unamo, osabwerera. Anatchulanso, nadikira. Anatchula kachitatu. Pamene pankayenera kumveka mawu okweza kuposa onse aja panangomveka mchenga ukuthothoka kutali mkati.

Msulu anataya dengu. "Osalowera pakhomo, n'kutali. Nditsateni."

Anathamangira pakati pa una wa ntchito ndi nyumba ya Namfuko, pamene udzu unali utatitimira pang'ono, nayamba kupalasa. Nungu ndi Ngaka anagwera pomwepo.

"Mukukumba chiyani kumeneko?" anafunsa Kabawi akuuluka chapansipansi. "Una uli uku."

"Pali njira ina, bwana," anatero Msulu, osaleka kupalasa. "Ndinamuuza ndine kuti aiboole. Ali ndi ana anayi oyamwa. Kanthu kankathamanga m'udzu kaja anali iyeyo. Milu yofanana ija ndinafananitsa ndine. Mulu mwauyamikira lerowu ndathira ndine, masiku awiri, mwini wake ali pansi apa."

Msulu anali asanakumbepo chiyambire ukapitawo. Zikhadabo zinathyoka, koma sanamve. Ngaka, amene moyo wake wonse ankadzipinda pakavuta, tsiku limenelo anang'amba nthaka ngati wamisala.

Anamupeza pakati pa njira, mutu utaloza kwawo. Mchenga unamugwera kumbuyo ndi kutsogolo. Anali atakumbako mikono iwiri kulowera kwa ana, koma pamene ankakumba mchenga wina unkagwa. Thupi linali litazizira kale. Nungu anamupukuta mchenga kumaso, pang'onopang'ono.

"Ana," anatero Ngaka.

Anaboola mikono yotsalayo. Anawo anali ataunjikana pakona, pakamwa pali yasa. Atatu ankagwedezeka. Kamng'ono kaja, kamene kanayamba kuluma, kanali pansi pa anzake, katauma.

Kumbuyo kwawo kunamveka mapiko. Kabawi anali atatera pansi. Anayenda movutikira pamchenga, fumbi likumukwera m'nthenga, mpaka anafika pamene panagona Namfuko. Aka kanali koyamba kumuona pafupi wantchito wake wopambana.

"Ndi wamng'ono chonchi," anatero chapansipansi. Kenaka anayang'ana onse. "Bwanji simunandiuze?"

"Mukanatsika kamodzi kokha mukanamva fungo la mkaka," anatero Nungu.

"Ayi, a Nungu," anatero Msulu. "Za nyimbo anandifunsa. Anandifunsa bwinobwino, ndipo ndinanama. Inunso munandiuza kawiri."

"Ndikanadziwa kuti pali ana…" anayamba Kabawi.

"Mukanatani, bwana?" anafunsa Msulu. Sanafunse mwachipongwe. Ankafunadi kudziwa, pakuti funso limenelo ndi limene analiopa masabata anayi osalifunsa. "Ndikanabwera tsiku loyamba lija n'kunena kuti mayiyu azichoka kawiri pa tsiku, mulu wake uzikhala wochepa, mukanatani?"

Kabawi anayang'ana pansi.

"Sindikudziwa," anatero.

Msulu akanakonda kumva kuti akanamuchotsa, pakuti bodza lake likanakhala ndi pobisala. Koma yankho linali lomwelo.

Okumba mauna a ena tsiku limenelo anakumba manda. Anaika mayi ndi mwana pamodzi, padothi lolimba. Atamaliza, Kabawi anati ana otsalawo akhoza kukhalabe m'una wa kampani, palibe adzawatulutse.

"Una suyamwitsa, bwana," anatero Nungu.

Msulu anatola anawo mmodzimmodzi, nawafunditsa masamba, nawanyamula kupita kwawo. Panjira ankaima pafupipafupi kumvetsera ngati akupuma. Atafika anaima pakhomo, osalowa. Mkazi wake anali chigonere, ana awo asanu ali pamabere.

"Bambo a ana, mwaweruka msanga. Mwanyamula chiyani?"

"Ana a alamu."

Mkaziyo anadzutsa mutu. "Amawo ali kuti?"

Msulu anafotokoza zonse, osakometsa paliponse. Inali nkhani yoyamba pa moyo wake imene anaifotokoza osaikometsa, ndipo inatuluka yaifupi. Mkazi wake anamvetsera mpaka kumapeto.

"Anali anayi," anatero.

"Atsala atatu."

"Adya liti?"

"Lachinayi m'mawa, mwina."

"Ndipo inu mwaima pakhomo kumandifotokozera. Bwera nawoni kuno."

Anachotsa ana ake atatu akuluakulu pabere, iwo akulira, nawakankhira kwa bambo awo. "Agwireni awa. Akhuta kale, akungochita dyera."

"Mkaka ukwanira asanu ndi atatu?"

"Sukwanira. Mudzasaka kawiri, ine ndidye kawiri. Za ntchito yanu mudzandiuza mawa, lero sindifuna kumva."

Awiri mwa ana a Namfuko anagwira bere nthawi yomweyo, nayamwa mpaka kunjenjemera. Wachitatu anakana. Ankanunkhiza, n'kubweza mutu, n'kumakwawira kukhomo, mphuno italoza kumene kunali kwawo. Mkazi wa Msulu ankamubweza, iye n'kukwawanso. Anamudonthezera mkaka pamlomo, iye analavula.

"Akufuna fungo la amake," anatero mkaziyo.

"Ndiganizepo njira. Mwina tikatenga udzu wa pogona pawo, n'kukupakani…"

"Khalani pansi, bambo a ana. Njira zanu zakwana. Uyu sapusitsidwa. Akafuna moyo ayamwa."

Msulu anakhala pansi. Ana ake atatu anagona pamiyendo pake. Anayang'ana kamwanako kakukwawa, kakubwezedwa, kakukwawanso, ulendo uliwonse mofooka kuposa woyamba. Mutu wake, umene sunasowepo chochita, unali mbee. Anangodikira, monga amadikirira makolo onse pamene nzeru zatha.

Dzuwa litapendeka kamwanako kanaleka kukwawa. Kanagona chafufumimba pafupi ndi bere, osagwedezeka, mwakuti Msulu anadzuka kuti akagwire. Mkazi wake anamuletsa ndi diso. Patapita kanthawi kanasuntha mphuno, kanatsegula pakamwa, kanayamwa.

Atatuwo anakulira m'nyumba ya Msulu, ndipo anali okumba aluso ngati mayi awo. Kampani inawaitana kangapo, pansi pa mabwana abwino ndi oipa, koma palibe mmodzi yemwe anapita. Mpaka lero mfuko amakumba yekhayekha. Alibe bwana womuyeza, alibenso mnzake womuitana.

Nthano yanga yatula khasu pamenepo.